Matiresi pa Keliyala

Njinga yamoto sinama pa nkhani ya katundu. Ukaisenzetsa molakwika imakuuza usanafike n'komwe pa tala. Chiwongolero chimapepuka, tayala lakumbuyo limayamba kuvina mumchenga, ndipo ukachita makani imakugwetsa pamaso pa amayi ochokera kudambo. Ine yandigwetsapo mokwanira, zipsera zili m'zigongonomu. Ndiye ndikamaona anyamata a kabaza atasanja matumba a makala mpaka kumwamba, ndimangoyang'ana kumbali. Kuwalangiza ndinaleka. Amati madala mwakalamba, njinga ndi moto.

Ntchito yanga ndi yokonza mijigo. Ndinaiyamba nditapuma ku fakitale ya shuga ku Dwangwa, kumene ndinafika ndili mnyamata kuchokera kwathu ku Phalombe, nditanyamula kachikwama kamodzi ndi njala. Ndinakwatira ku Liwaladzi, ndipo monga mkamwini aliyense ndinamanga nyumba pa malo a kwawo kwa mkazi wanga. Njerwa ndinaumba ndekha, malata ndinagula limodzilimodzi. M'nyumba imeneyo tinalereramo ana awiri, ndipo ndinakhalamo mpaka imvi zinandipeza.

Mjigo ukafa pamudzi, a komiti amandiimbira foni. Sindinyamuka tsiku lomwelo, petulo samera m'munda. Ndimadikira kuti midzi ingapo ya mbali imodzi iitane, kenako ndimapita ulendo umodzi wautali, lero kwa Malenga Chanzi, mkuja ku Mwadzama, mpaka kumtunda kumene msewu umakathera m'munda wa munthu. Poyamba ndinkagona m'makomo mwa anthu, koma zinkandivuta. Amakuyalira mphasa ya ana, ana n'kukagona kukhitchini pamodzi ndi nkhuku, ndipo m'mawa imodzi mwa nkhuku zomwezo imafera iwe, pamene eni ake akhala akudya bonya mwezi wonse. Ndiye tsiku lina ndinapeza tenti pa kaunjika ku boma, yobiriwira, yong'ambika pang'ono pakhomo. Mkazi wanga anaisoka. Kuyambira pamenepo ndinkaikhoma pafupi ndi mjigo umene ndikukonza, n'kumadziphikira ndekha pa kambaula.

Womanga katundu sindinali ine. Anali mkazi wanga. Ine ndinkangotulutsa zinthu n'kuziunjika pakhonde, iye n'kubwera pambuyo ndi nkhope ya woweruza mlandu.

"Nsapato zinazi n'za chiyani? Mwamera miyendo ina?"

"Nanga izi ndavalazi zikanyowa?"

"Zikanyowa zikauma. Ku Mwadzama kulibe dzuwa?"

Luso lake lalikulu linali kuchotsa. Mulu wanga unkatsala theka, ndipo ndinkanyamuka ndikung'ung'udza, koma sindikumbuka tsiku limene ndinasowa chinthu chimene iye anachotsa. Ndikabwerako ankamasula yekha katundu, akuyanika tenti pa chingwe, akununkhiza malaya. Akapeza chinthu chimene chabwera monga chinapitira, chopindidwa bwinobwino, ankachikweza m'mwamba kuti ndichione, n'kunena kuti ichi changokayenda, ulendo wina chitsala. Apilo kunalibe.

Zotsalazo ankazisanja mwa njira yake yosasintha. Masipanala ndi zitsulo za mjigo zinkalowa m'matumba awiri a chinsalu cholimba amene anasoka yekha, olendewera uku ndi uku, m'munsi ndithu. Asanawapachike ankawanyamula onse awiri, lina dzanja ili lina dzanja ilo, n'kutsinzina, kenako n'kuchotsa sipanala imodzi kuno kuika uko. Sikelo inali m'mapewa mwake. Tenti inkagona chopingasa pampando, pafupi ndi msana wanga, kuti kulemera kukhale pakati pa matayala, komanso kuti ndizitsamira. Zikhomo zake zinali ndi kathumba kazokha, chifukwa zinaboolapo bulangete. Neti ya udzudzu inkalowa m'poto, mchere ndi machesi m'kapu, kapu m'kati mwa neti kuti isamalire panjira. Chigubu cha petulo chinkakhala kutali ndi mpunga. Phunziro limenelo ndinalivutikira, sabata yathunthu ndinadya mpunga wonunkha garaja. Pamwamba penipeni ankaikapo jasi ya mvula, yoti ungoisolola osamasula kanthu. Zonsezi ankazimanga ndi mphira zodula ku chubu chakale cha galimoto, akukoka phazi atalitsamiritsa pa keliyala, ine nditagwira njinga. Ndipo mulu wonse sunkaloledwa kupitirira mapewa anga ndikakhala pampando. Ankati ukapitirira, mwera ukandiyesa ngalawa ya thanga.

Anamwalira m'nyengo yowokera mpunga. Anagwa kudambo ali chiweramire, mbande zili m'manja, ndipo pofika ku chipatala anali atasiya kuyankhula. Sanakhalitse. Sindilemba zambiri za zimenezi, sindinaphunzirebe kuzinena. Maliro anatha, tinameta, amayi a mpingo anatsuka mapoto awo n'kubalalika. Mwana wathu wamkazi anabwerera ku Lilongwe kwa mwamuna wake. Wamwamuna ali ku Joni, analira pa foni. Ndinatsala ndekha m'nyumba yonseyo, ndi funso limodzi limene aliyense pamudzi ankalidziwa koma palibe ankalitchula.

Mkamwini amakhala pa nthaka ya eni. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale ake amakhala pansi n'kukusudzula, ndiko kukumasula kuti ukhoza kubwerera kwanu kapena kukakwatira kwina. Mawu ake amakhala okoma, koma tanthauzo lake ndi loti nyamuka. Si onse amachoka. Ena eni mudzi amati uyu wakalambira pano, msiyeni, ndipo amafera pompo n'kuikidwa pafupi ndi mkazi wake. Ine ndinkafuna zimenezo. Ndinkazifuna ndi mtima wonse. Amati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, koma kwathu ku Phalombe amayi anamwalira kalekale, minda inapita kwa ana a azilongo anga, ndipo anawo amandidziwa monga malume aja amabwera pa maliro atavala jekete.

Mwini mawu pa nkhaniyi anali alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, msodzi wopuma amene masiku ano amangosoka maukonde a ana ake pansi pa mtengo wa mango. Ine ndi iwo tinakhala zaka zonse tikunyozana monga alamu achitira. Ankanditcha tambala wobwereka. Ine ndinkawauza kuti tsiku limene anapuma usodzi nsomba sizinazindikire n'komwe. Mawu olemera sitinayankhulanepo. Koma chimwalirireni mlongo wawo, chipongwe chonse chinatha. Anayamba kundipatsa moni wa manja awiri, kundifunsa za thupi, za ana, ndipo ulemu umenewo unandiopsa kuposa mwano. Ndinkati anthuwa ayamba kale kunditsanzika. Kufunsa sindikanatha. Mkamwini sapita kwa mwini mbumba kukati chonde ndisiyeni ndikhale, pokhapokha ngati manyazi anawaiwala m'mimba mwa amake.

Ulendo woyamba nditatsala ndekha, ndinatulutsa zinthu n'kuziunjika pakhonde monga mwa masiku onse. Kenako ndinakhala pa sitepe. Panapita kanthawi ndisanazindikire chimene ndikudikira. Mulu unali pomwepo, wathunthu, ndipo panalibe wochotsapo kanthu. Ndinanyamula nsapato zija zachiwiri, ndinaziyang'ana, ndinaziika m'thumba. Ndinatenga zonse.

Kusanja ndinkakudziwa, ndinali nditaonerera zaka zambiri. Pokoka mphira ndinkangotsamiritsa njinga ku chipupa. Chimene sindinkadziwa ndi kusiya. Ulendo wachiwiri ndinatenga wailesi, chifukwa kuti zii kwa mu tenti, kumene kale kunkandikomera, tsopano kunkandilowa m'mafupa. Kale ndinkagona kumidzi ya eni ndikudziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akuwerengera kuti ndibwera liti, ndipo kukhala ndekha kunali ngati kupuma. Tsopano ndikanafera mu tentimo, oyamba kudabwa akanakhala amayi odzatunga madzi m'mawa. Wailesi inafuna batire, batire inafuna kasola kake, ndipo ndinati ndi bwinonso, nyumba yotseka nthawi yaitali imaitana akuba. Ndi maganizo omwewo ndinatenga simbi, jekete la ku tchalitchi, ndi kampando kopinda kamene mkazi wanga ankakhalapo posankha mpunga. Pa chinthu chilichonse ndinali ndi chifukwa chomveka. Koma zoona zake n'zakuti zinkandimvetsa chisoni kusiya zinthu zija zokhazokha m'nyumba mopanda munthu, ngati kuti nazonso zimamva.

Maulendo nawo anatalika. Mjigo wa tsiku limodzi ndinkaukhalira mpaka mkuja, ndikupukuta zitsulo zoyera kale, a komiti n'kumandiyamikira kuti ndine wosamala. Ndinkabwerera ku Liwaladzi mtima uli m'mwamba kuti mwina lero andiitana. Ndikapeza kuti sanandiitane, ndinkagona masiku ochepa n'kuthawanso asanaganize. M'mutu mwanga munali nzeru ya mwana, yoti munthu amene palibe sangasudzulidwe.

Kenako matiresi. M'nyumba ndinali nditasiya kugona pabedi. Mbali ya matiresi imene ankagona mkazi wanga inali ndi kadzenje kamene thupi lake linakumba m'zaka zonsezo, ndipo ndikagona ndinkagubudukira momwemo. Ndiye ndinkayala mphasa pabalaza. Mu tenti namo msana unayamba kudandaula, ukalamba si mnzako. M'mawa wina ndikumanga katundu ndinangolowa kuchipinda, ndinakulunga matiresi aja, ndi kuwakhazika pamwamba pa zonse. Mulu unapitirira mapewa, unapitirira mutu. Ndinadziwa kuti ndaphwanya lamulo, koma mwini lamulo panalibe.

Potuluka ndinadutsa pa mango paja. Alamu anakweza mutu, ulusi wa ukonde uli m'kamwa. Anayang'ana katundu, anayang'ana ine, analavula ulusi.

"Njinga yanuyi ili ndi mphamvu, alamu."

"Imayesetsa."

"Muyende bwino."

Basi. Kale akanandifunsa ngati ndapeza wamasiye wina kumene ndikupitako, ndipo tikanaseka.

Mwera unandipeza nditangodutsa pa Chia. Pa tala ndinkalimbana nawo, njinga itapendekeka ngati woledzera, malole akamandipitirira ndikungopemphera. Nditakhotera mumchenga kulowa kumidzi ya ku Mwadzama, mphepo inangokankha matiresi kamodzi, ndipo ndinapezeka ndili chagada, bondo pansi pa thumba la masipanala, wailesi ikuyankhula yokha m'tchire. Amayi ena osenza mitolo ya mpunga anatula n'kundithandiza kudzutsa njinga. Anali anthu olongosoka, sanaseke mpaka ataona kuti ndaimirira. Mmodzi, wachikulire, akusasa mchenga pa matiresi, anafunsa:

"Nanga mukusamukira kuti, abambo?"

"Sindikusamuka, mayi. Ndikukakonza mjigo."

"Mjigowo wadwala kwambiri eti, mpaka ukagonekedwe pa matiresi?"

Tinaseka tonse. Ndinamanganso katundu n'kupitiriza, ndipo funso lija ndinalisiya mumchenga momwemo. Sindinaganize kuti maso ngati a mayi ameneyo alikonso ku Liwaladzi.

Ulendo umenewo ndinagona bwino kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mkazi wanga, mu tenti, kumudzi kwa eni, m'kadzenje komwe kankandithamangitsa kunyumba. Kufotokoza sindingathe. Koma bondo linatupa, ndipo pobwerera ndinaopa kugwanso. Mbali imeneyo kunali kutatsala mijigo ina yodikira zitsulo zochokera ku boma, ndiye ndinati bwanji ndizivutika kupita nazo n'kubwera nazo. Wapampando wa komiti, mphunzitsi wopuma, anali ndi kachipinda kosungiramo makasu. Ndinasiya mmenemo matiresi, kampando, simbi, sola ndi jekete, kuti ndidzazipeza ulendo wotsatira. Ndinalowa m'mudzi ku Liwaladzi njinga itapepuka, katundu ali m'munsi mwa mapewa, ndikudzitama mumtima kuti nzeru zayamba kubwerera.

Anandiitana mpunga utalowa m'nyumba. Alamu anabwera okha pakhomo, chipewa chili m'manja, kudzati Loweruka m'mawa ndisachoke. Ndinaimbira mnzanga wa ku fakitale, wa kwathu ku Phalombe, amene anandiimira unkhoswe pa ukwati, ndipo anabwera pa minibasi ndi ndodo yake. Tinakhala pabwalo, amayi pamphasa, ife pamipando. Mkulu wa mpingo anapemphera. Kenako alamu anaimirira, n'kuyankhula ngati munthu amene wakhala akuyeserera mawu ake ali yekha.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Sanabwereko kwa ine ndi misozi. Ana mwaphunzitsa. Ife tilibe nanu mlandu. Ndiye takhala pansi, taona kuti si bwino kumanga munthu mwendo. Lero takumasulani. Kumene mtima wanu ukufuna, pitani ndi mtendere."

Anthu onse anali kuyang'ana ine. Mnzanga anandigunda ndi chigongono, ndipo ndinayankha zimene munthu amayankha. Ndinawomba m'manja, ndinati ndamva, ndinathokoza chifukwa cha zaka zonse zimene anandisunga. Mawu anatuluka bwinobwino, mpaka amayi ena anapukuta m'maso.

Nkhani ya nyumba inatha msanga. Nyumba ndi ya ana, koma popeza ana ali kutali, anati aziisunga ndi mwana wa mng'ono wake wa mkazi wanga, mtsikana amene tinamulerako ali ku pulayimale. Iyeyo ndi mwamuna wake ndi khanda lawo ankapanikizana m'kachipinda kamodzi kuseli kwa nyumba ya amake, denga lodontha. Atamva, anagwada pomwepo, khanda kumsana, n'kubisa nkhope m'chitenje. Ankalira, koma kunali kulira kwa munthu amene watula mtolo.

Ndinapempha masiku ochepa okonzekera. Bedi, tebulo ndi kabati ndinasiya, njinga sinyamula zimenezo. M'mawa wonyamuka, ndikusanja katundu pakhonde, alamu anafika n'kugwira chiwongolero osafunsa. Ine ndinkakoka mphira. Tinagwira ntchito limodzi mpaka pa mphira yomaliza.

"Tambala wobwereka akubwerera kwawo," anatero.

"Mutsala mukudzuka masana," ndinayankha.

Anaseka, kenako anapukusa mutu.

"Koma mwatimvetsa chisoni, alamu. Ife tinali titagwirizana kale, maliro atangotha, kuti inu musachoke. Ndinauza azilongo anga kuti munthu uyu ndi wathu, manda ake ali pano."

Ndinasiya kukoka.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Kuuza chiyani? Munthu ali m'nyumba mwake umakamuuza kuti khala? Tinangoti tikhale chete, muona nokha kuti palibe akukuthamangitsani. Ndiye tinayamba kuona katundu. Lero wailesi, mawa simbi. Jekete la ku tchalitchi. Kampando ka malemu. Mukapita, osabwera msanga. Amayi anayamba kunena kuti bambowa akusamuka pang'onopang'ono, akungochita manyazi kutsanzika. Ine ndinkawakalipira. Koma munapita ndi matiresi, alamu, n'kubwera opanda. Pamenepo nanenso ndinakhulupirira. Ndinati mwina kumeneko wapeza pokhala, mwinanso wapeza womuphikira, si mlandu. Tisamusiye mkulu mnzathu azichoka ngati wakuba. Timumasule poyera, apite ndi ulemu wake."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kuwatukwana, ndinafuna kukhala pansi. Ndinawauza kuti matiresi ali pamodzi ndi makasu kwa mphunzitsi wopuma, kuti kulibe mkazi, kulibe nyumba, kuti ndinkangozemba poopa kusudzulidwa. Alamu anasiya chiwongolero, njinga inatsala pang'ono kugwa.

"Ambuye," anatero chapansipansi. "Safunsa anadya phula."

"Wadya ndani, inu kapena ine?"

"Tadya tonse."

Anati akhoza kuitananso anthu, mawu si mwala, amabwezeka. Ndikhulupirira ankanena zoona. Koma akuyankhula choncho ndinaona mwamuna wa mtsikana uja akubwera m'njira atasenza mphasa ndi ndowa, mtsikanayo pambuyo ndi tsache latsopano, akuyenda ngati wopita ku ukwati. Atationa anaima patali mwaulemu, kudikira kuti ndinyamuke. Ndikanamuuza chiyani? Kuti bwerera ku denga lako lodontha, bambo aakulu anangolakwitsa kumanga katundu? Ndinamukodola, ndinatulutsa makiyi m'thumba, ndinamupatsa. Anawalandira ndi manja awiri atagwada. Ndinamuuza kuti chitseko cha kukhitchini chimafuna kuchikankha ndi bondo.

Ku Phalombe sindinafike. Sindinayese n'komwe. Ndinapeza chipinda cha lendi ku boma, kuseli kwa chigayo, kumene ufa umalowa ngakhale mu tiyi. Katundu wa ku Mwadzama ndinakatenga. Ntchito ikupitirira, mijigo sileka kufa. Ana anakwiya atamva mmene zinayendera. Wamkazi anafuna kubwera kudzayambitsa mlandu, ndinamuletsa, anthuwo ndi amalume ake ndi amayi ake aang'ono, adzawafuna ine kulibe. Kenako anati ndisamukire ku Lilongwe. Koma ine kukakhala m'nyumba ya mkamwini wanga, m'mpanda, kumangoonera kanema ndi kudikira nthawi ya chakudya, ayi. Ndimasungulumwa, sindibisa. Lamlungu mapemphero akatha, anthu amatuluka m'magulumagulu kupita m'makomo mwawo, ine ndimatsala pa benchi mpaka wotseka zitseko atayamba kukhosomola.

Chaka chatha mjigo wa ku Liwaladzi unafa, womwe uja mkazi wanga ankatungapo. Anaimba foni ndi alamu okha.

"Kodi mumasankha mijigo yokonza?"

"Ndimasankha eni ake."

"Ndiye bwerani mukonzere amayiwa, ine ndimamwa a m'nyanja."

Ulendo uno sindinadikire kuti midzi ina iitane. Ndinapita m'mawa mwake. Amayi anandilandira ndi nthungululu, akundigwira manja, akundiuza kuti ndaonda. Vuto linali laling'ono, mphira ya m'kati inali itadyeka, ndipo pofika masana madzi anali akutuluka. Alamu anakhala pambali nthawi yonse pa ndowa yovundikira, akundiuza kuti ndikulakwitsa. Zinandikomera kuzimva.

Nditatha anati mtsikana uja waphika, akundidikira kunyumba. Anati kunyumba osaganiza, inenso ndinanyamuka osaganiza, manja ali girisi yekhayekha, miyendo ikudziwa yokha njira. Pabwalo panali posesedwa bwino. Pa chingwe panali matewera, ndipo pa zenera la kuchipinda chathu panali katani ya maluwa achikasu. Ndinakwera pakhonde. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, chitseko chimene ndinapala ndi kupachika ndekha, ndipo dzanja langa linali litafika kale pa chogwirira. Ndinalibweza. Ndinatsika pakhonde, ndinavula chipewa.

"Odi," ndinatero.

M'kati munali phokoso la mbale ndi mwana wolira, sanandimve. Ndinaima pomwepo padzuwa, kudikira kuti wina andiuze kuti ndilowe.